Mwana Wophunzira m'Cilankhulo Cacilendo, Timuyese Bwanji? Phunziro Locokera ku Canada

M'dziko la Canada muli ana a sukulu oposa 450,000 amene amaphunzira masamu, sayansi, mbiri ya dziko ndi nyimbo m'Cifalansa, cikhalireco kwao salankhula Cifalansa. Ambiri a iwo amatsazika makolo ao m'mawa m'Cingerezi, ndipo akangolowa m'kalasi amakumana ndi mphunzitsi amene amawalankhula m'Cifalansa basi. Maphunziro otere kumeneko amawacha French immersion, ndiye kuti kumiza mwana m'Cifalansa monga mmene mai amamizira nsalu m'madzi kuti inyowe yonse. Sukulu zambiri za Katolika za m'zigawo za Ontario, Alberta ndi Saskatchewan, zimene boma limazithandiza ndi ndalama, nazonso zili ndi makalasi otere.

Kholo lililonse lotumiza mwana ku kalasi yotere limakhala ndi nkhawa imodzi: kodi mwana wanga akuphunziradi, kapena akungokhala cete ndi kugwedeza mutu? Nayenso mphunzitsi ali ndi funso lake: mwana akalephera kuyankha, kodi walephera cifukwa sadziwa nkhaniyo, kapena cifukwa mau amusowa? Kwa zaka 60 aphunzitsi ndi akatswiri a ku Canada akhala akufunafuna yankho, ndipo zimene apeza n'zoyenera kuti ife makolo acikhristu tizimve, pakuti ana athunso amaphunzira m'cilankhulo cimene sanayamwire. Cacikulu pa zonse zimene apeza ndi ici: cilankhulo ca mwana cili ndi mbali zingapo zimene sizikula pamodzi, conco wofuna kuciyesa moona ayenera kuyesa mbali iliyonse payokha, nthawi zambiri, ndiponso modekha.

Amai atatu a ku St. Lambert

Nkhaniyi inayambira m'tauni ya St. Lambert, tsidya la mtsinje wa St. Lawrence moyang'anana ndi mzinda wa Montreal, m'cigawo ca Quebec. Anthu ambiri a m'cigawoco amalankhula Cifalansa, koma m'taunimo munali mabanja olankhula Cingerezi amene ana ao ankaphunzira Cifalansa kwa mphindi zocepa patsiku. Anawo ankamaliza sukulu akudziwa malamulo a galamala pamtima, koma osatha kuceza ndi mnansi wao kapena kufunsa mtengo wa buledi m'sitolo. Mu 1963 kagulu ka makolo kanayamba kukumana m'nyumba zao kuti kaone cocita. Patsogolo panali amai atatu, Olga Melikoff, Murielle Parkes ndi Valerie Neale. Iwo anakapempha nzeru kwa akatswiri awiri a pa yunivesite ya McGill, Wallace Lambert wodziwa za maganizo a munthu, ndi Wilder Penfield dokotala wa ubongo.

Akuluakulu a sukulu anakana kwa zaka ziwiri. Potsiriza, mu September 1965, analola kuti kalasi imodzi ya ana 26 a mkaka pa sukulu ya Margaret Pendlebury iphunzitsidwe m'Cifalansa cokhacokha. Pamene boma la Canada linakhazikitsa lamulo la 1969 loti Cingerezi ndi Cifalansa zikhale zilankhulo ziwiri za boma, makolo a m'zigawo zina anayamba kupempha makalasi omwewo, ndipo mu 1977 anapanga bungwe lao lochedwa Canadian Parents for French.

Cimene cinacititsa kuti anthu akhulupirire njira yatsopanoyi ndi mayeso. Caka ndi caka Lambert ndi anzake ankayesa ana a ku St. Lambert, nawayerekeza ndi magulu ena awiri: ana olankhula Cingerezi ophunzira m'Cingerezi, ndi ana obadwa m'mabanja a Cifalansa ophunzira m'Cifalansa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1972 m'buku limene Lambert analemba ndi Richard Tucker.

Zimene mayeso anaonetsa

Coyamba cinali ca cilankhulo ca kwao. Pa zaka zoyamba, ana omizidwa m'Cifalansa ankatsalira powerenga ndi polemba Cingerezi, cifukwa anali asanaciphunzire m'kalasi. Koma phunziro la Cingerezi litayambika m'makalasi otsatira, iwo ankawapeza anzao m'caka cimodzi kapena ziwiri. Luso la kuwerenga limene anaphunzira m'Cifalansa linkaoloka nao kupita ku Cingerezi, pakuti munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, monga mmene wodziwa kupalasa njinga yake sayambiranso pakukwera njinga ya mnzake. Kholo limene likanayesa mwana wake m'Giredi 1 ndi kumucotsa pomwepo, likanakolola cimanga cisanakhwime.

Caciwiri cinali ca masamu. Anawo anaphunzira masamu m'Cifalansa, koma atayesedwa m'Cingerezi anakhoza mofanana ndi anzao. Nzeru imene mwana wailandira m'cilankhulo cimodzi imakhala yake, ndipo angathe kuitulutsa m'cilankhulo cina.

Cacitatu ndico cinapatsa aphunzitsi nchito yaikulu. Pa kumva ndi kuwerenga Cifalansa, anawo pofika kumapeto kwa pulaimale ankayandikira kwambiri ana obadwa naco. Koma pa kulankhula ndi kulemba ankatsalira. Merrill Swain, katswiri wa ku Toronto, anafotokoza bwino za vutoli mu 1985. Iye anaona kuti ana a m'Giredi 6 amene anamva Cifalansa kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankalakwitsabe galamala, ndipo ananena kuti cimodzi mwa zifukwa zake n'cakuti m'kalasi mphunzitsi ndiye ankalankhula kwambiri, ana n'kumangoyankha mau amodzi kapena awiri. Womvera angathe kutola tanthauzo popanda kusamala mmene ciganizo camangidwira, koma wolankhula amakakamizika kucimanga yekha, ndipo m'pamene amazindikira cimene cikumusowa.

Zolakwa zake n'zosavuta kuzimvetsa kwa ife olankhula Cinyanja. M'Cifalansa dzina la cinthu ciliconse limakhala lacimuna kapena lacikazi, ndipo limatsogozedwa ndi kamau koti le kapena la. Mwana akasokoneza ziwirizi, zimamveka m'makutu mwa eni cilankhulo monga mmene zimamvekera kwa ife mlendo akanena kuti "cimanga wanga" kapena "nyumba langa". Palinso mau awiri onenera munthu amene ukulankhula naye: tu ndiye "iwe", vous ndiye "inu". Ofufuza anapeza kuti ana a m'makalasi amenewa ankanena tu kwa aliyense, ngakhale kwa mkulu wosamudziwa, cifukwa m'kalasi sankamva kawirikawiri vous waulemu. Tangoganizani mwana wofika kwa Ambuye Bishopu nawauza kuti "iwe". Mwanayo si wamwano ai, kungoti palibe amene anamupatsa mpata woyeserera ulemu m'cilankhuloco, ndipo mayeso osankha yankho pa pepala sangaulule cosowa cotere.

Mmene mphunzitsi amayesera masiku ano

Cifukwa ca zimenezi, m'makalasi a ku Canada cilankhulo cimagawidwa panai: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. M'cigawo ca Ontario, kumene mwana wa m'kalasi yotere amayenera kulandira maola osacepera 3,800 a maphunziro a m'Cifalansa pofika kumapeto kwa Giredi 8, boma linatulutsa malangizo a kayesedwe mu 2010. Malangizowo amauza mphunzitsi kuti umboni wa zimene mwana akudziwa aziutenga m'njira zitatu: zimene waona mwanayo akucita, zimene wamva poceza naye, ndi nchito imene mwanayo wapereka. Ndi monga mafuwa atatu: limodzi likasowa, mphika sukhazikika. Nchito ya mwana imaikidwa pa masitepe anai, ndipo sitepe lacitatu ndilo limene cigawoco cimayembekeza kuti mwana afikepo.

Kumva kumayesedwa ngakhale mwana asanayambe kulankhula. Ana ambiri a m'kalasi ya mkaka amatha miyezi akumvetsera cabe, ndipo akafuna kanthu amaloledwa kunena m'Cingerezi, cifukwa mphunzitsi wao amacimva. Mphunzitsi amati m'Cifalansa, "Tenga pensulo lofiira, uliike pansi pa mpando," kenaka amayang'ana manja a mwanayo. Kapena amasimba kanthano, nauza ana kuti asanje zithunzi monga mmene nkhaniyo yayendera. Mwana wosanja bwino wamva, ngakhale sanatsegule pakamwa.

Kulankhula kumayesedwa pa nchito yeniyeni. Ana awiri amapatsidwa zithunzi zosiyana pang'ono, ndipo amayenera kupeza kusiyanako mwa kufunsana, osaonetsana zithunzizo. Kapena wina amakhala wogulitsa m'sitolo, wina wogula. Mphunzitsi amayendayenda ndi kabuku, nalemba ngati mwanayo wamveka, ngati ali ndi mau okwanira, ndiponso ngati ziganizo zake zamangidwa bwino. Ena amajambula mau a mwana mu September, nawajambulanso mu June, kuti kholo ndi mwana yemwe adzimvere okha mtunda umene wayenda.

Kuwerenga kumayesedwa ndi njira imene anayambitsa Marie Clay wa ku New Zealand. Mphunzitsi amakhala pambali pa mwana mmodzi, mwanayo n'kuwerenga mokweza ndime ya mau pafupifupi 100. Liu lililonse lowerengedwa bwino limacongedwa, ndipo lolakwika limalembedwa monga mmene mwanayo walichulira. Akakhoza mau 95 kapena kuposa pa 100, bukulo angaliwerenge yekha. Akakhoza 90 mpaka 94, bukulo n'loyenera kuphunzira ndi thandizo la mphunzitsi. Akalephera kufika 90, bukulo lamukulira, ndipo amapatsidwa lina. Komatu mayeso sathera pamenepo. Mphunzitsi amatseka bukulo nati, "Tandiuza zimene wawerenga." Akuluakulu amene anatumikirapo Misa m'masiku a Cilatini akudziwa bwino cifukwa cake: munthu angathe kuchula mau onse mosaphonya, osadziwa tanthauzo la ngakhale limodzi.

Kulemba kumayesedwa ndi nchito zosungidwa m'cikwama ca mwana caka conse: kalata ya kwa agogo, kankhani ka ulendo, malangizo a mmene angabzalire nyemba. Mphunzitsi wanzeru amapereka malikisi a maganizo padera, a galamala ndi kalembedwe padera. Izi n'zofunika kwambiri m'Cifalansa, mmene zilembo zambiri za kumapeto kwa mau zimalembedwa koma sizichulidwa, kotero kuti mwana wa maganizo abwino angathe kudzaza tsamba ndi zolakwa za kalembedwe.

Palinso mayeso ocokera ku boma la France ochedwa DELF, amene ali ndi gawo la ana a pulaimale. Pa masitepe ake ochedwa A1 ndi A2, mbali iliyonse mwa zinai zija ili ndi malikisi 25. Kuti mwana akhoze amafunika 50 pa 100, komanso asatsike pansi pa 5 pa mbali ina iliyonse. Motero wodziwa kuwerenga sangabisale kumbuyo kwa luso lakelo ngati satha kulankhula konse.

Kuongola popanda kuthyola

Kuyesa kopanda kuongola n'kungowerenga zipsera. Mu 1997 Roy Lyster ndi Leila Ranta anasindikiza zimene anaona m'makalasi anai a pulaimale a m'dera la Montreal. Anapeza kuti nthawi zoposa theka, mphunzitsi akamaongola mwana wolakwitsa, ankangobwereza ciganizoco mokonzedwa n'kupitiriza phunziro. Njirayi n'njacifundo, koma ana ambiri sankazindikira n'komwe kuti akonzedwa. Ankayesa kuti mphunzitsi akungovomereza. Ana ankadzikonza okha kwambiri pamene mphunzitsi waima pang'ono, n'kufunsa kuti, "Timanena bwanji zimenezo m'Cifalansa?" kapena kubwereza mau olakwikawo ndi liu lofunsa, kusiyira mwanayo mpata wopeza yankho. Paja akulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Colakwa cimene casiyidwa zaka zisanu cimamera mizu, makamaka m'kalasi mmene ana onse amalakwitsa mofanana, namvana bwinobwino.

Lilime lopepuka limanyenga

Jim Cummins, katswiri winanso wa ku Toronto, anacenjeza aphunzitsi za msampha wina. Iye anasiyanitsa cilankhulo ca pabwalo la masewera ndi cilankhulo ca m'mabuku. Atapenda zotsatira za ana obwera ku Toronto kucokera ku maiko ena, analemba mu 1981 kuti mwana amatha kuceza bwino m'cilankhulo catsopano m'zaka pafupifupi ziwiri, koma kuti afike pa msinkhu wa anzake pa cilankhulo ca m'mabuku pamatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Pabwalo mwana amathandizidwa ndi nkhope ya mnzake, manja ndi mpira umene onse akuuona. M'buku la sayansi alibe comuthandiza koma mau okha.

Apa m'pamene anthu amalakwira ana m'njira ziwiri. Mwana wa lilime lopepuka amayesedwa kuti wadziwa zonse, ndipo akalephera mayeso olemba amachedwa waulesi. Mwana wacete amayesedwa wopanda nzeru, cikhalireco mwina akumva zambiri kuposa anzake. Conco mphunzitsi wofuna kudziwa ngati mwana wamvetsa mmene mbeu imamerera amamulola kujambula, kuloza, kapena kuonetsa ndi manja. Nzeru ya sayansi imalandira malikisi ake, Cifalansa cimalandiranso ake.

Nanga mwana amene akuvutikadi? Kwa zaka zambiri makolo a ana otere ankalangizidwa kuti awacotse m'kalasi ya Cifalansa. Koma Fred Genesee wa pa McGill, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anapeza kuti ana ocedwa kumva amacita mofanana ndi anzao ocedwa kumva a m'makalasi a Cingerezi, ndipo amapindulanso Cifalansa pamwamba pake. Vuto la kuwerenga limamutsata mwana kulikonse kumene angapite. Ofufuza anapezanso kuti sikofunika kudikira mpaka mwana adziwe Cifalansa kuti vutolo lioneke. Angayesedwe m'cilankhulo ca kwao akali m'kalasi ya mkaka, kuti aone ngati amamva kamvekedwe koyamba ka liu ndi kudziwa zilembo, ndipo wofooka pa zimenezi amayamba kuthandizidwa msanga.

Nanga kwathu kuno?

Caka comweco ca 1965 cimene kalasi ya ku St. Lambert inatsegulidwa, boma lathu la Zambia linasankha kuti ana aziphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza zimenezi. Pamwamba njira ziwirizi zimaoneka zofanana, koma zipatso zake zinasiyana. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams, wofufuza wa ku Britain, anayesa ana a pulaimale a kuno ndi a ku Malawi, kumene panthawiyo makalasi anai oyamba ankaphunzitsidwa m'Cicewa. Pa kuwerenga Cingerezi ana a maiko awiriwa anacita mofanana, ngakhale kuti athu anali atamva Cingerezi kwa maola oculuka. Pa kuwerenga cilankhulo ca kwao, ana a ku Malawi anatiposa kutali. Pambuyo pake ndondomeko ya 1999 inayamba kuphunzitsa ana a m'Giredi 1 kuwerenga m'zilankhulo zathu, mu 2014 zilankhulozo zinapatsidwa makalasi anai oyamba, ndipo maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025 abwezeranso Cingerezi patsogolo.

N'cifukwa ciani ku Canada zinayenda bwino? Mwana wa kumeneko amabwerera madzulo ku nyumba imene ili ndi mabuku a cilankhulo cake, ndipo makolo amamuwerengera nthano asanagone. Mphunzitsi wake amamva cilankhulo ca mwanayo ndipo samulanga akacilankhula. Anzake onse m'kalasi anayambira pamodzi osadziwa kanthu, conco palibe woseka mnzake. Cilankhulo ca kwao cimaphunzitsidwanso ndi kuyesedwa m'sukulu momwemo. Lambert mwini wake anacenjeza kuti pali kudziwa zilankhulo ziwiri koonjezera, pamene caciwiri cimabwera pamwamba pa coyamba, ndipo pali kocotsera, pamene caciwiri cimadya coyamba. Amene amakopera kumiza kokha, kusiya cisamaliro conseci, angathe kumiza mwana zenizeni.

Udindo wa ife makolo

Pa 28 October 1965 Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican unatulutsa cikalata ca maphunziro acikhristu cochedwa Gravissimum Educationis, cimene cimaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana ao. Amai aja a ku St. Lambert sanali akatswiri, koma anafunsa mafunso oyenera ndipo sanatope. Ifenso tingathe kutero.

Lipoti ya mwana ikabwera, tisayang'ane nambala yake yokha m'kalasi. Tipite kwa aphunzitsi, tiwafunse mwaulemu kuti mwanayo ali pati pa kumva, pa kulankhula, pa kuwerenga ndi pa kulemba, ciliconse pacokha. Mwana akatiwerengera tsamba la Cingerezi, timupemphe atifotokozere m'Cinyanja zimene wawerengazo. Ngakhale kholo losadziwa Cingerezi lingathe kupereka mayeso amenewa, ndipo ndi mayeso osanama. Tisunge makope ake a kumayambiriro kwa caka kuti tidzawayerekeze ndi a kumapeto, pakuti mwana amayesedwa bwino pomuyerekeza ndi mmene analiri dzulo. Tisamuseke akathyola Cingerezi, ndiponso tisamuletse kulankhula cilankhulo ca kwao poganiza kuti cidzamucedwetsa. Nthano za agogo, miyambi, mapemphero a madzulo ndi kuwerenga Mau a Mulungu m'Cinyanja ndiwo maziko amene cilankhulo caciwiri cidzamangidwepo.

Inunso aphunzitsi ndi akatekisti, amene nthawi zina mumayesa ana okonzekera Ukaristia Woyamba, kumbukirani kuti kuloweza yankho n'kosiyana ndi kulimvetsa. Mwana anene m'mau ake, m'cilankhulo cimene ali naco pamtima. Ndipo m'miphakati yathu tikambirane za mabanja amene alibe buku ngakhale limodzi, kuti tione mmene tingabwerekane, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera anacititsa kuti aliyense amve Uthenga Wabwino m'cilankhulo ca kwao. Tipemphe Mzimu yemweyo apatse aphunzitsi athu kudekha ndi cilungamo poyesa ana, kuti pasakhale mwana wochedwa mbuli cifukwa cabe cakuti mau anamusowa pa tsiku la mayeso.